Zovala Zoti Akuliremo

Mpaka lero ndikamadutsa pamene akumasula belo la kaunjika, fungo lija likangondilowa m'mphuno, miyendo imaima yokha. Ndi fungo lakelake, la mankhwala a njenjete osakanikirana ndi sopo wa kumaiko a eni. Ena amatseka mphuno. Ine limandinyamula n'kukanditula pa msika wa Lirangwe, zaka zija matipate atangobwera kumene, pamene ndinali bambo wa mwana mmodzi amene sindinkamuona.

Kwathu ndi pa Chileka, ndipo ntchito yanga kuyambira unyamata ndi yokonza njinga. Ndinakwatira m'mudzi wina kuseri kwa Lirangwe, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pamsika, ndipo monga mwa mwambo wathu ndinakakhala kuchikamwini. Ndinamanga nyumba ya njerwa zootcha, ndinalima munda wa apongozi, ndinagula mbuzi ziwiri ndi thukuta langa. Tsiku lina pobwera kuntchito ndinapeza m'khola muli mbuzi imodzi. Mchimwene wake wa mkazi wanga anali atagulitsa inayo osandifunsa, akuti pamudzi panagwa vuto. Vutolo linalipodi, sindikana. Koma ine ndine wa mtima wapachala, ndipo tsiku limenelo ndinayankhula mawu amene mkamwini sayankhula. Ankhoswe anakhala pansi kawiri konse. Sanandilipiritse ngakhale nkhuku, ankangofuna ndinene kuti pepani. Ine ndinaimirira pamaso pa onse n'kulumbira kuti phazi langa silidzapondanso pamudzi pamenepo.

Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndinaterereka ndi njinga yanga, bulangete limodzi ndi chikwama cha masipanala. Nyumba inatsala, mbuzi inayo inatsala, ndipo mwana anatsala, poti kwathu kuno mwana ndi wakuchikazi. Anali mtsikana wa zaka zinayi, wokonda kukwera pakeliyala ya njinga atandigwira malaya kumsana. Ndinkaganiza kuti pakatha mwezi adzanditumizira mthenga wondinyengerera kuti ndibwerere. Iwonso ankaganiza kuti pakatha mwezi ndidzabwera ndekha nditazyolika. Tonse tinali anthu odziwa kudikira.

M'chikwama cha masipanala chija munali zinthu ziwiri zosakhala za njinga. Choyamba chinali kachingwe kosolola pathumba la feteleza, kokhala ndi mfundo ziwiri, ina ya kukula kwa mapewa a mwana wanga, ina ya kuchokera paphewa kufika m'mawondo. Chachiwiri chinali kabango kodula molingana ndi phazi lake. Umu ndi mmene tinkagulira zovala za ana. Mwana supita naye kumsika, angakulilire chilichonse chimene waona. Umamuyeza kunyumba, n'kupita ndi muyesowo m'thumba. Ndinali nditamuyeza mlungu umodzi mkangano uja usanabuke, ataima pakhonde, akuseka chifukwa chingwe chinkamugirigisha m'khosi.

Zaka zimenezo kaunjika anali atasefukira m'misika. Kale chovala cha mwana chinkafuna upite kwa telala kapena kusitolo za mu Limbe, ndipo bambo ankayamba watuluka thukuta asanagule. Mabelo atabwera, ngakhale ife okonza njinga tinayamba kuveka ana athu ngati ana a mabwana. Pa Lunzu kaunjika analipo, mu Blantyre anali mbwee, ndipo konseko kunali kufupi ndi Chileka kusiyana ndi Lirangwe. Koma ine kumapeto kwa mwezi uliwonse, tsiku la msika, ndinkapalasa njinga mpaka pa Lirangwe. Anzanga akandifunsa ndinkati kumeneko n'kotchipa. Limenelo linali bodza lamkunkhuniza. Chinkandikokera kumeneko n'chakuti ukaima pamene amagulitsira tomato, umaona njira yolowera kumudzi kuja.

Zovala za ana ndinkagula kwa mayi wina wachisilamu wa ku Mdeka, wojintcha, wa mpango wobiriwira, wa pakamwa posatopa. Tsiku loyamba anandiona ndikudzipanikiza pakati pa azimayi ndi kachingwe kanga m'manja, n'kuseka mpaka kugwira nthiti.

"Achimwene, akazi anu akudwala kodi?"

"Ayi achemwali, ali bwinobwino."

"Nde mwamuna mukufuna chani pamulu wa madiresi? Kapena mukufuna lanu?"

Azimayi onse anafa nako kuseka. Mtima unayamba kutentha, koma ndinaona kuti ndikachoka pamenepo ndilibe kwina kolowera. Ndinamufotokozera mwachidule mmene zinthu zinalili. Sanasekenso. Anandilanda kachingwe kaja, n'kukatambasula, n'kunena kuti, "Kamwana kake n'kakang'ono eti. Khalani apo ndikuphunzitseni kugula, asamakubereni."

Anandiphunzitsadi. M'mawa belo likangodulidwa mawaya si nthawi ya munthu wosauka. Imeneyo ndi nthawi ya osankha, azimayi a geni okagulitsanso m'tauni ndi akazi a aphunzitsi, amene amalimbirana zapamwamba mtengo uli m'mwamba. Wosauka amadikira dzuwa lipendeke, wogulitsa atatopa, akuganiza za katundu wobwerera naye. Pamenepo m'pamene amakuwa kuti wagwa, wagwa mtengo, ndipo zonse zimathiridwa mulu umodzi. Uyambe pansi pa mulu, chifukwa zabwino zimabisala kumeneko. Uone kaye m'khwapa ndi pakolala, ukweze chovala kudzuwa kuti zibowo zioneke, ukoke msoko pang'ono, uyendetse zipi katatu. Batani losowa si chilema, ndi ponenerera mtengo. Banga la mafuta limachoka, la inki silichoka. Ndipo chinthu ukachikonda usamwetulire, wogulitsa angakuone.

Lamulo lalikulu linali limodzi, ndipo mayi aliyense pamulu paja ankalidziwa: chovala cha mwana sugula chomukwana lero, umagula chachikulu kuti akuliremo. Chomukwana lero, pofika masika chathina, ndalama yalowa m'madzi. Chachikulu umapinda m'munsi, chaka chamawa n'kumasula, chaka chinacho n'kumasulanso. Nsapato umatsendera kansanza kutsogolo. Lamulo limeneli ndinalilandira ndi manja awiri, chifukwa linkagwirizana ndi thumba langa komanso ndi nzeru za ntchito yanga, zoti chinthu chizikhalitsa.

Koma ine ndinali ndi vuto limene azimayi aja analibe. Iwo ankamuyeza mwana m'mawa womwewo, pamene muyeso wanga unkakalamba m'chikwama. Tsono ndinapeka nzeru yanga. Ikatha miyezi ingapo ndinkasuntha mfundo zija ndi zala ziwiri, n'kudula kabango kena kotalikirapo. Ndinkayang'ana ana a anansi anga pa Chileka, amsinkhu wake, n'kumadziuza kuti wanga sangachepe kuposa awa, bambo ake ndine wamtali chonchi. Ndiye pamwamba pa zala zongoganizirazo ndinkaonjezeranso zina za kukuliramo. Ndinkadziona ngati munthu wochenjera kwambiri pamulu ponse paja.

Zimene ndagula sindinkazitumiza tsiku lomwelo. Ndinkabwera nazo ku Chileka n'kuzichapa ndekha kawiri kuti fungo lichoke. Anansi ankaseka poona timadiresi tili pachingwe kuseri kwa nyumba ya batchala, ena mpaka kufunsa ngati ndabisa banja m'kati. Ndinkawasiya aseke. Ndinkazisita ndi simbi ya makala, n'kusokerera mabatani pamene asowa, kenako mwezi wathunthu zinkakhala pamsomali kuchipinda kwanga. Ndikadzuka m'mawa ndinkayamba kuona kadiresi kali lende pakhoma, ndipo m'maganizo ndinkamulowetsamo mwana wanga, mutu apa, mikono apa. Ndinkamupukwa mwanayo, kupukwa kopweteka pachifuwa penipeni. Koma kupukwako sikunkafika pondipinda khosi.

Pakolala pa zovala zina pankakhala dzina lolembedwa ndi inki, la mwana wakunja amene anayamba kuchivala. Zinkandiseketsa. Ndinkati anthu amenewa ndi otani, kulemba dzina pamalaya a mwana, kodi kwawoko amaberana m'nyumba momwemo? Nthawi zina m'matumba ndinkapezamo kanthu, kapini ka m'tsitsi kapena kakhobidi kachilendo, ndipo ndikachapa ndinkakabwezera momwemo kuti mwana wanga akakapeze yekha.

Onyamula katunduyo anali alamu anga aakazi, akulu awo a mayi a mwana, amene ankagulitsa tomato pamsika womwewo. Iwo sanalowerere nawo nkhani ya mbuzi ija, choncho tinkapatsana moni bwinobwino. Ndinkawapatsa jumbo ya zovala, iwo n'kuiika pansi pa dengu.

"Zija za mwezi watha zinamukwana, alamu?"

"Zinamukwana."

"Nanga nsapato zija?"

"Akuvala."

"Tsiku lina mudzabwere naye ndidzamuone."

"Amake akuti njira ya kumudzi mukuidziwa."

Nkhani inkathera pamenepo. Mwezi ndi mwezi mafunso omwewo, mayankho omwewo, ine n'kuyang'ana njira ija kanthawi, n'kukwera njinga kubwerera ku Chileka.

Chaka chachiwiri mayi wa ku Mdeka uja anabweretsa thumba la zidole. Anazikhuthula pambali pa zovala: timagalimoto topanda matayala, tinyama taubweya tothothoka, ndi tizidutswa tina timene panalibe ankadziwa ntchito yake. Zidole sindinkagula ine. Ndinkati mwana wakumudzi amaumba zake ndi dothi, amabereka chitsononkho, ndalama ya chidole bola igule juzi. Koma pansi pa mulu panali chidole cha mwana wamkazi, cha tsitsi ngati ndevu za chimanga, chotseka maso ukachigoneka. Mwendo umodzi unali utaguluka, uli pambali. Mayi uja anaona kuti ndachigwira nthawi yaitali.

"Tengani basela ameneyo," anatero. "Inu ndinu okonza, kachiritseni."

Kunyumba ndinadula kamphira ka chubu cha njinga, n'kukadutsitsa m'kati mwa chidolecho, n'kulumikiza mwendo uja mpaka unkapindika ngati watsopano. Palibe njinga ya munthu imene ndinaikonzapo mosamala chotero. Nditachitumiza, mwezi wotsatira ndisanafunse n'komwe, alamu anayamba okha.

"Chidole chija, alamu, sachisiya. Amachibereka mpaka kumjigo. Wina akachigwira ndi ndewu."

Tsiku limenelo ndinapalasa njira yonse ya ku Chileka ndikuimba. Ndikanakhala wanzeru ndikanadabwa chifukwa chake za chidole ankafotokoza zambiri chonchi, pamene za zovala linali liwu limodzi basi. Koma munthu wosangalala safufuza.

Chaka chachinayi, nyengo yozizira itangotha, ndinapeza diresi lofiira la timaluwa toyera m'munsi, la lamba womanga kumbuyo. Silinkaoneka kuti linachapidwapo. Linapulumuka kwa osankha a m'mawa chifukwa linali litapindikira m'kati mwa juzi lalikulu. Ndinaiwala lamulo losamwetulira, ndipo mayi uja ananditchulira mtengo wokwera uku akuseka. Nditatambasula chingwe changa kuti ndiyeze, anachiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Achimwene, mwana wanuyu akukula ngati nsungwi bwanji? Zaka eyiti, sayizi imeneyi?"

"Watengera bambo ake," ndinayankha monyada.

Diresi limenelo linakhala pamsomali wanga mwezi wonse, ndipo polipereka kwa alamu ndinawapempha kuti akamuuze azivala popita kutchalitchi kokha.

Patapita milungu iwiri, munthu wina wa pa Lirangwe anandiitana kuti ndikamukonzere njinga zake ziwiri zonyamulira makala. Linali tsiku la msika, koma la pakati pa mwezi, losakhala langa. Nditamaliza ntchito dzuwa lisanafike pamutu, ndinati ndidutse kwa alamu ndikawapatse moni.

Ndinaliona ndili patali. Pakati pa anthu ndi madengu, pafupi ndi pogulitsira tomato, panaima mtsikana atavala diresi lofiira la timaluwa toyera, lamba atamanga kumbuyo. Linamukhala bwino ngati anachita kumusokera telala. Njinga sindikumbuka kuti ndinaisiya bwanji, ndinangomva yagwa kumbuyo kwanga. Ndinakankha anthu, ndinaponda anyezi a munthu wina, n'kumugwira mtsikanayo mapewa onse awiri.

"Mwana wanga! Wakula chonchi? Mwana wanga iwe!"

Ndinamukumbatira pamaso pa msika wonse, misozi ikutsika, ine munthu amene sindinalire ngakhale pamaliro a bambo anga. Mwanayo anangouma thupi lonse. Ndinamuyang'ana kumaso kufunafuna kamwana ka zaka zinayi kaja, ndipo ndinadzinamiza kuti ndikukaona, kuti mphuno ndi yangayi, chipumi ndi cha kwathu.

"Alamu."

Sindinamve.

"Alamu! Ameneyo ndi wanga. Wanu ndi uyu."

Kuseri kwa dengu kunakhala kamtsikana kena, kakang'ono, kakuunjika tomato m'timilu. Kanavala kadiresi kobiriwira ngati thambo, kofwifwa, kong'ambika paphewa. Pachifuwa panali mabatani atatu oyera ndi limodzi lakuda. Batani lakudalo ndinalidziwa, chifukwa ndinalisokerera ndine, zaka zitatu zapitazo, nditalichotsa pamalaya anga. Ndinazindikira batani ndisanazindikire mwana wanga. Nditakweza maso m'pamene ndinaona nkhope ya malemu mayi anga, amene anali aafupi, mutu wawo sunkafika n'komwe paphewa langa. Mwanayo sanatengere ine ayi. Ankandiyang'ana mmene mwana amayang'anira munthu wamisala pamsika.

Manyazi atandigwira, mtima wapachala uja unabwera kudzandibisa. Ndinatembenukira kwa alamu.

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuvekera mwana wanu? Thukuta langa? Mumati zamukwana, zamukwana, pamene wanga ali m'nsanza?"

"Tsitsani mawu, alamu, anthu akutiona," anatero, osadzuka n'komwe pamene anakhala. "Zovala zanu zonse zimabwera zazikulu. Mwanayu akalowamo amasoweramo. Nde mumafuna tizizitsekera m'sutikesi zaka ziwiri njenjete zizidya, anzake akuyenda matako pamtunda? Amayamba kuvala wangayu, zikamuthina zimafika kwa mwini wake. Palibe chinagulitsidwa, palibe chinatayika."

"Zimafika zitatha!"

"Zimafika mmene zovala zimafikira pamudzi. Inuyo simunavalepo za akulu anu?"

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndikuuzeni kuti mupse mtima musiyiretu kugula? Inu timakudziwani, alamu. Mbuzi imodzi inakuchotsani panyumba."

Funso limene linkandiopsa kwambiri ndinalifunsa motsitsa.

"Mwanayu amadziwa kuti zimachokera kwa ine?"

Apa alamu anayang'ana pansi, n'kuyamba kutembenuza tomato amene sankafunika kutembenuza.

"Tikanamuuza bwanji kuti n'zake, mnzake atavala? Akanamalira tsiku ndi tsiku. Tinkangoti ndagula pamsika. Chidole chokha n'chimene tinamuuza, poti chidole chilibe sayizi." Kenako anakweza mutu. "Zaka folo mukuyeza chingwe, mwana ali pompa. Mukanabwera kudzamuyeza nokha, akanakumenyani ndani?"

Ndinaima pakati pa msika manja ali lende, ndipo mayi wa anyezi amene ndinamupondera uja anasiya kundikalipira n'kubwerera pamalo pake.

Alamu anamukoka mwana uja padzanja. "Awa ndi ababa ako, aja a chidole. Apatse moni."

Anagwada, n'kundipatsa dzanja, linalo atagwira pamkono, monga anamuphunzitsira kulonjera alendo.

"Muli bwanji?"

Kadzanja kake kanali kozizira ndi madzi a tomato. Ndinafuna kumunyamula, koma kukumbatira kwanga ndinali nditakuthera kale pa mwana wa eni. Ndinangoti ndili bwino, kaya iwe, ndipo iye anati ali bwino, n'kubweza dzanja lake.

Ndinapempha alamu kuti ndipite naye pamulu wa kaunjika. Anati pitani, koma musapite naye patali. Mwanayo ankayenda kumbuyo kwanga, osati pambali, ndipo ndikaima nayenso ankaima. Mayi wa ku Mdeka atationa anayang'ana mwana, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso mwana. Anangolowetsa dzanja m'thumba limene ankabisamo zosungira makasitomala ake a m'tauni, n'kuyala madiresi angapo patsogolo pa mwanayo.

"Sankha wekha, mayi," anatero.

Mwanayo anatenga nthawi. Sankayang'ana mtundu kapena maluwa. Ankatenga lililonse n'kudziyeza pathupi, kuyang'ana pamene lalekezera, n'kulibweza. Ine chizolowezi chinandigwiranso. Ndinanyamula lina labwino, la matumba awiri, lofika m'akakolo.

"Ili bwanji? Ili ukuliramo, ulivala mpaka sitandade faifi."

Anapukusa mutu osandiyang'ana. Pomaliza anatola lachikasu, losakongola kwenikweni, n'kulowa nalo kuseri kwa chitenje chimene mayi uja anamutchingira. Atatuluka ndinaona kuti linali lomugwira m'khwapa, ndipo m'munsi linkalekezera pamwamba pa mawondo.

"Ili likuthina," ndinatero. "Pofika Khirisimasi silidzakulowa. Tenga lokulirapo."

Anayankha akuyang'ana zala za kumapazi kwake, motsitsa kwambiri moti ndinachita kuwerama.

"Likakhala lalikulu avala achemwali."

Mayi wa ku Mdeka anatembenukira kumbali n'kumakonza mpango wake nthawi yaitali. Ine ndinapereka ndalama osanenerera, koyamba chiyambire kugula pamulu umenewo. Ndinati mwanayo alivule ndikalichape kaye, koma anagwira m'munsi mwake ndi manja onse awiri n'kukana. Analivala choncho ndi fungo lake la belo, kakale kaja tinakaika m'jumbo.

Tomato atatha, alamu anasanjikiza madengu, ndipo ndinawaperekeza ndikukankha njinga. Ndinamufunsa mwanayo ngati akufuna kukwera pakeliyala. Anayang'ana alamu, alamu anagwedeza mutu, koma iye anati ayenda. Tinadutsa pogulitsira nsomba zouma, tinawoloka msewu, mpaka tinafika pamene njira ya kumudzi imayambira.

"Tiyeni tikafike, alamu," anatero alamu anga. "Palibe akuthamangitseni."

Kumudziko ndinadzafikako ndithu patapita miyezi ina, ndipo pepani uja ndinamunena, lilime silinaduke. Koma banja linali litazirala kale, ndipo mwana anakulira komweko. Lero ndi mayi wa ana ake, amandilemekeza, amandiyendera. Komabe ndikamuona ndimapukwa kamtsikana kamene sindinakaone kakukula, ka zaka zisanu, ka zaka zisanu ndi chimodzi, kamene ndinkakadziwa pachingwe pokha. Tsiku lija la pamsika ndikanangokankha njinga n'kupitirira nawo. Ndinaima, n'kunena kuti tsiku lina.

Ananyamuka atatu, alamu pakati, wa diresi lofiira patsogolo, wanga pambuyo. Asanapite patali mwana wanga anakoka chitenje cha alamu. Kunali zii, moti mawu ake anandipeza pamene ndinaima.

"Amayi aakulu, nde zija zonse zinali zanga?"

Alamu anatembenuka ndi madengu pamutu n'kuyang'ana ine. Mwanayo nayenso anatembenuka, koyamba kundiyang'ana m'maso tsiku lonselo, akudikira.

"Zinali zako," ndinatero. "Zonse."

Anaima kanthawi akuyang'ana msana wa mnzake amene anali atapita kale patsogolo. Sanalire. Anakokera pansi kadiresi kake kachikasu kuti kafike m'mawondo, koma sikanafike, n'kuyamba kuyenda.